Chaka Chimene Ndinadula Silabasi ku Mlonyeni

Limbani, Tadala ndi iwe Mphatso, mutu uno ndi wa ntchito yanga. Za ubwana ndazidumpha dala, popeza amalume anu anakusimbirani kale, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine. Ndagwira choko zaka zoposa makumi atatu, zonse m'boma lathu lino la Mchinji, kuphunzitsa sayansi m'sukulu za sekondale zoyendera. Munakula mukumva anthu akunditchula kuti "amadamu a mayeso", ndipo mwina munkayesa ndi dzina lokoma basi. Ndikufuna mudziwe kumene linachokera, ndiponso kuti alipo munthu amene anapwetekera m'njira zanga zomwezo. Mukadzaimva nkhaniyi kwa ena, mudzakhale mutaimva kale kwa ine.

1988, Mavwere

Ndinafika ku Mavwere pa ngolo ya thirakitala ya esiteti ina ya fodya, nditakhalira matilesi anga, dipuloma ili m'chikwama cha m'manja. Sukulu inali ya nyumba ziwiri, ina yopanda zitseko, moti ife tikaweruka mbuzi zinkalowa. Chimene ankachitcha labu chinali kabati ya mu ofesi ya ahedi. Nditaitsegula ndinapezamo mabotolo ofufutika mayina, sikelo yopanda miyala yake ndi chisa cha mavu. Ahedi anali a Mbewe, bambo wamfupi, womanga taye ngakhale pa dzuwa la Okutobala, amene anayamba kuphunzitsa masamu ine ndikadali kumsana kwa mayi anga. Anandipatsa Bayoloje ndi phunziro lija lophatikiza Fizikisi ndi Kemisitiri, limene ana ankangoti Fizo. Buku la phunziro lililonse linali limodzi, la mphunzitsi. Choncho ndinachita zimene aphunzitsi anga ankachita: kulemba manotsi pa bolodi kuyambira ngodya iyi kukafika iyo, ana n'kumakopera, kenako n'kukaloweza kunyumba. Ndipo ankalowezadi. Ukafunsa tanthauzo la mawu, kalasi yonse inkayankhira pamodzi ngati kwaya, osaphonya ndi liwu limodzi lomwe.

Tsiku lina mayeso akuyandikira, a Mbewe analowa n'kukhala kumbuyo. Tinali kubwereza za osimosisi, kayendedwe ka madzi polowa ndi potuluka m'maselo, ndipo ana anaimba tanthauzo lake bwinobwino. Ahedi anakweza dzanja ngati mwana wasukulu, nati, "Madamu, mundilole ndifunseko kanga kamodzi." Anatembenukira kwa ana. "Mayi anu akadula nkhaka n'kuwaza mchere, pakapita kanthawi m'mbale mumakhala madzi. Madziwo achokera kuti, ndipo atuluka bwanji?" Wina anati ndi mame, wina anati mchere wasungunuka. Palibe anaona kuti limeneli ndi phunziro lomwe lija angoliimba kumene.

Titaweruka anandiitanira ku ofesi, ine ndikuyembekeza kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Ana anu ndi nkhokwe yodzaza, Madamu. Chimanga chilimo, koma potapira palibe. Wokonza mayeso sadzagogoda pakhomo pamene mwawazoloweza inu. Amadzera kuseri." Anakoka katoni pansi pa tebulo, yodzaza mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ena odyedwa ndi chiswe m'mbali. "Tengani. Muwerenge mmene anthu amenewa amafunsira, kenako ana azizolowera kufunsidwa."

Kuyambira pamenepo Lachisanu linakhala tsiku lotseka makope. Ndinkalemba funso lakale pa bolodi, aliyense n'kuyankha za m'mutu mwake. Akamaliza ndiye ankatsegula kope n'kuona chimene wasiya, ndipo chosiyacho n'chimene ankakawerenga kunyumba, osati kuyambiranso tsamba loyamba. Ana anadana nalo tsikulo. Mtsikana wina anandiuza kuti, "Madamu, ndikamawerenga ndimakhala ndikudziwa, koma mukatitsekera makope zimathawa." Ndinamuyankha kuti bola zithawe lero, tili ndi nthawi yozithamangitsa. Kuwerenga kope mobwerezabwereza kumanamiza: maso amazolowera tsamba, mutu n'kumayesa wadziwa. Chaka choyambacho zotsatira sizinali zonyadira, pakuti tinayamba mochedwa. Chachiwiri a Mbewe anandipatsa dzanja pamaso pa aphunzitsi onse, ndipo kwa munthu ngati iwo, chimenecho chinali chikondwerero chachikulu.

1997, kufupi ndi boma

Nditakwatiwa ndi bambo anu, amene anali mlangizi wa zaulimi, anandisamutsira kusukulu ina ya m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Kuno ana anali ochangamuka, ambiri a anthu ochita malonda, ena Chinyanja cha ku Chipata chili pakamwa. Ahedi anali a Tembo, munthu waukhondo wodabwitsa. Sukuluyi inali italandira mabokosi a zipangizo za labu kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, koma a Tembo ankawasunga chitsekere. Nditapempha mabotolo oyezera, anati, "Madamu, ana amenewa aswa. Alendo akadzabwera kudzaona, tidzawaonetsa chiyani?" Ndinati, "Tidzawaonetsa ana odziwa kugwira botolo." Anaseka, koma makiyi sanapereke. Patapita temu yathunthu ndi pamene tinagwirizana kuti ndizitenga m'mawa n'kubweza iwo asanatseke ofesi. Poyembekezera ndinaphunzira kupanga zanga. Madzi a mandimu anali asidi, madzi a phulusa anali mnzake wotsutsana naye, maluwa ofiira osinja anali chotiuza kuti ichi n'chiti. Mabatire a wayilesi, mababu a tochi ndi mawaya otola kwa okonza mawayilesi pamsika zinatiphunzitsa magetsi.

Chaka chomwecho ndinasankhidwa koyamba kukachonga mayeso a Fomu 4. Limbani, unali wamng'ono, ndinakusiya ndi azakhali ako. Tinkakhala m'holo yaikulu, matebulo ali ndondondo, mitolo ya mapepala ikubwera ngati mabelo a fodya ku okushoni. Mkulu wa tebulo lathu anali mayi wina wa ku Mpoto, wolankhula pang'onopang'ono. Tsiku loyamba anandipeza ndikuzengereza ndi pepala la mwana amene ankaoneka kuti nkhani akuidziwa koma analemba mozungulira. Ndinati, "Uyu akudziwa ndithu, ndimupatseko." Iwo anati, "Mayi, kuno sitichonga zimene mwana akudziwa. Timachonga zimene walemba."

M'masabata amenewo ndinaona mmene malikisi amatayikira, ndipo nthawi zambiri sikunali kusadziwa. Funso likuti tchulani, mwana akulemba ndime yonse n'kutha nthawi. Funso likuti fotokozani chifukwa, mwana akungotchula liwu limodzi. Funso la malikisi atatu, mfundo yaperekedwa imodzi, yobwerezedwa m'mawu osiyanasiyana. Wina wapeza nambala yolondola koma sanalembe kuti ndi mamita kapena masekondi. Wina yankho laphonyeka pang'ono pamapeto, koma njira sanaionetse, ndiye palibe pomupatsira ngakhale limodzi. Magirafu opanda mayina m'mbali, ojambulidwa ndi bolopeni, ofufutidwa ndi malovu mpaka pepala kubooka. Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali masamba omalizira oyera mbee, pamene panali mafunso osavuta, mwana atathera nthawi yonse kulimbana ndi funso limodzi loyambirira. Ndipo m'mitolo yambiri simunkalephera kupezeka pepala lokhala ndi pempho pansi pake, lakuti achongi mundimvere chisoni, kwathu ndife osauka. Unkaliwerenga, mtima n'kuwawa, koma malikisi a chisoni kulibe.

Nditabwerera ndinasintha kaphunzitsidwe. Funso lililonse, tisanayankhe, tinkayamba tafunsana kuti likufuna tichite chiyani, ndipo lili ndi malikisi angati. Mwana ankayenera kulifotokoza m'Chichewa kwa mnzake asanalembe m'Chingerezi, chifukwa ndinaona kuti amene sangathe kufotokozera mnzake m'chinenero chake ndiye kuti sanamve, wangoloweza. Anyamata ena, ozolowera kuthandiza osintha ndalama kumalire, masamu ankawamaliza m'mutu ine ndisanamalize kulemba funso. Amenewo ndiye ndinalimbana nawo kuti azilemba njira. Mmodzi anati, "Koma Madamu, yankho si lomwelo?" Ndinati, "Ndi lomwelo lero. Tsiku limene udzaphonye, njirayo ndi imene idzakupulumutse." Ndinaletsanso chizolowezi chija choviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti uwerenge mpaka mbandakucha. Mutu wosagona umafika m'mayeso uli ngati nsalu yonyowa. Dzina lija la amadamu a mayeso linayambira kusukulu imeneyi, ndipo ndinakhalako zaka zambiri mwamtendere.

2011, Mlonyeni

Ku Mlonyeni ananditumiza chaka cha sukulu chitangoyamba, bambo anu atapuma kale ntchito ndipo matenda a shuga atayamba kuwavuta. Ndinali mphunzitsi yekhayo wa sayansi pasukulu yonse, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Amene ankaphunzitsa Fizo anachoka kupita kukawonjezera maphunziro ana amene ndinawapeza mu Fomu 4 atangolowa kumene Fomu 3, ndipo m'malo mwake simunabwere munthu. Ahedi anali a Jere, munthu wabwino koma wotopa, amene anakhala akulemba makalata opempha mphunzitsi mpaka kugwa ulesi. Sabata yoyamba yomweyo anandikhazika pansi.

"Madamu, ndinene mosabisa. Fizo tiichotse chaka chino. Ana alembe Bayoloje ndi zaulimi, basi. Akalemba Fizo agwa onse, ndipo kumaofesi akafunsa ine."

"Nanga ofuna unamwino, kapena ntchito za magetsi? Popanda Fizo akalowera pati?"

"Kufuna n'kwina, Madamu, kutheka n'kwina."

Ndinapempha kuti andipatse kanthawi ndiwaone anawo tisanatumize mayina. Ndinapeza kuti akudziwa zochepa kwambiri, koma sanali ogona. Anali ana anjala ya phunziro. Pakati pawo panali mtsikana wina, Esinati Soko, amene anakhala chaka chonse chija akudziwerengera yekha kope lakale la msuweni wake. Ukafotokoza kamodzi, iye anali atafika kale pa funso lotsatira. M'maphunziro ena onse ankatsogola, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wa a Soko adzakhala dokotala.

Ndinayala silabasi pa tebulo pambali pa kalendala. Ntchito ya zaka ziwiri inkayenera kulowa m'miyezi yowerengeka, ndipo pakati pa miyeziyo panali nyengo ya fodya, pamene ana a alimi amajomba kapena kufika atatheratu. Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kuthamanga ndi manotsi, mutu uliwonse kuukhudza pamwamba, kuti pa pepala zioneke kuti silabasi yatha. Njira imeneyo Esinati yekha, mwina ndi wina mmodzi, akanaitsatira n'kupindula, ena onse akanatsala panjira. Yachiwiri, kudula. Mapepala akale ankaonetsa kuti pali mitu imene imabwera chaka ndi chaka ndi malikisi ambiri, yomwenso imathandiza pa mayeso ogwira ndi manja: mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu, magetsi, maasidi, kuwerengetsa za makemikolo ndi magirafu. Ndikanaphunzitsa imeneyi mozama, n'kusiyiratu za nyukiliya, za zipangizo za ilekitironiki ndi gawo lomaliza la Kemisitiri. Koma pa pepala la Fizo panalibe kusankha mafunso. Mutu wodulidwa unali malikisi otayidwa mayeso asanayambe. Ambiri akanakhoza, koma pamwamba penipeni palibe akanafika.

Ndinawafotokozera bambo anu titakhala pakhonde Lamlungu masana. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Amake Limbani, ine alimi ndinkawauza kuti kamunda kopalira kamadyetsa kuposa chimunda cha udzu. Zimenezo mukuzidziwa kale, si zimene zikukuvutani." Ndinavomera kuti chikundivuta ndi mwana mmodzi. Iwo anati, "Ndiye musamubisire. Ngati mwaganiza zodula, amve kwa inu, nthawi ikadalipo."

A Jere nditawauza, anagwira mutu. "Kudula silabasi ya boma? Oyendera masukulu akabwera mukayankha nokha." Ndinati ndidzayankha. Potsiriza anati, "Chabwino. Alembe onse."

Mawa lake ndinalemba pa bolodi mitu imene tiphunzire ndi imene tiisiye, n'kufotokoza chifukwa chake. Ambiri nkhope zinamasuka, monga anthu amene awatula katundu. Esinati anakweza dzanja.

"Madamu, ndiye kuti 1 kapena 2 palibe angapeze?"

"Kunena zoona, n'zovuta kwambiri."

"Ngakhale munthu atalimbikira bwanji?"

"Zimene sitiphunzira m'kalasi, ndiyesetsa kukuthandiza pawekha. Koma sindikulonjeza kuti tidzamaliza."

Anakopera mitu yodulidwayo kumapeto kwa kope lake n'kulitseka.

Patapita masiku ochepa kunabwera bambo ake pa njinga, atavala jekete la kutchalitchi. A Soko anali mlimi wa fodya ndi mtedza, mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, ndipo atatha malonje anati, "Aphunzitsi, ndamva kuti buku mwalidula pakati."

Ndinawafotokozera zonse monga ndinafotokozera ana.

"Ndamva," anatero. "Koma ine ndi mlimi. Feteleza akachepa, sindimwaza munda wonse. Ndimathira pamene pali mbewu yoti ibereka. Inu mukudziwa, inenso ndikudziwa, kuti m'kalasi monsemo wokafika ku yunivesite ndi mmodzi."

"Enawonso ali ndi makolo, bambo. Kwa iwo kungokhoza Fizo ndi khomo la ntchito."

"Ali nawo makolo, sindikukana. Koma ine ndabwerera wanga."

Sankanama. Ndinawalonjeza kuti buku la mphunzitsi Esinati azilitenga Lachisanu n'kubweza Lolemba, ndipo Lachitatu lililonse tikaweruka ndizikhala naye pa mitu yodulidwayo. Anathokoza mwaulemu, koma pokwera njinga anati, "Mwasankha, aphunzitsi. Mulungu aone nafe."

2012, miyezi ya kukonzekera

Sindinagwirepo ntchito ngati chaka chimenecho. Mutu uliwonse tinkauphunzira, kuugwira ndi manja, kenako kuufunsa m'njira zonse zimene mapepala akale anaufunsirapo. Mitu yakale sinkaloledwa kugona: phunziro lililonse linkayamba ndi mafunso ochepa a zimene tinaphunzira mwezi wapita, osakaniza, kuti mutu uzolowere kudumpha kuchoka pa magetsi kupita pa maasidi monga mayeso amachitira. Fodya atayamba kukhwima ndinawagawa m'magulu potsata midzi yawo. Gulu lililonse linkatenga mafunso pa timapepala, ndipo ankafunsana ali m'zigafa akusoka fodya, manja akugwira ntchito, pakamwa pakuyankha. Mayi wina anandipeza pachigayo n'kundiuza kuti tsopano nayenso akudziwa kuti magetsi amayezedwa ndi chiyani, chifukwa wazimva mpaka kutopa nazo.

Loweruka m'mawa tinkalemba pepala lathunthu, nthawi yake yeniyeni, wina ataima pa chitsulo chimene tinkaimba ngati belu. Ndinawaphunzitsa kuyamba aliwerenga pepala lonse, kuyankha kaye zimene akuzidziwa, ndi kusiya funso louma n'kudzalibwerera. Pa mitu yodulidwa ndinati, "Mukakumana nalo musanjenjemere, tinadziwa kale kuti libwera. Liwerengeni kamodzi. Mwina muli girafu yoti muwerenge kapena masamu apafupi, tolani zimenezo. Zikapanda kutero, pitirirani, nthawiyo mukaigwiritse ntchito poonanso mayankho anu." Kutamveka mphekesera yakuti munthu wina wa kumalire ali ndi pepala lenileni la mayeso, anyamata ena anayamba kuzizira pa kuwerenga. Ndinawauza kuti chaka chilichonse pepala lotere limamveka, ndipo chaka chilichonse ndaona ana akulira atalowezera zabodza. Anabwerera ku magulu awo.

Woyendera masukulu anabweradi temu yachiwiri. Ataona mabuku anga okonzekera anafunsa kuti mitu inayo ili kuti. Ndisanatsegule pakamwa, a Jere anati, "Bwana, ndinavomereza ndine. Ana amenewa anakhala chaka opanda mphunzitsi, ndipo kumaofesi kwanu nkhaniyi mukuidziwa." Bwanayo analemba zimene analemba, ndipo sindinakwezedwe pa ntchito chaka chimenecho ngakhale chotsatira. Koma a Jere ndinawaona mwatsopano kuyambira tsiku limenelo.

Malachitatu a Esinati ndi amene sanayende monga ndinalonjezera. Ena anadyedwa ndi misonkhano, ena ndi maliro, ena ndi mvula, popeza kwawo kunali kutsidya kwa dambo. Bambo anu atagonekedwa m'chipatala ku boma, mwezi wathunthu unapita osakumana. Tadala, ukukumbuka, ndiwe unkandilandira kuchipatalako. Esinati ankawerenga yekha bukulo, n'kubwera ndi mafunso olembedwa bwino, koma za nyukiliya si zoti mwana angazimve payekha pa buku lachingerezi chouma. Tinangoyamba chabe mutuwo mayeso n'kufika.

Tsiku la pepala la Fizo ndinaima patali, pansi pa mtengo, monga lamulo linkafunira. Ana anatuluka akulankhula, ena akuseka, akufotokozerana mmene anadumphira apa ndi kutola apo. Esinati anatuluka pomalizira. Podutsa pamene ndinaima anati, "Masamba omaliza onse, Madamu, anali a zija tinasiya." Sanadikire yankho.

Zotsatira zitatuluka, a Jere anabwera okha kunyumba ndi njinga yamoto. Ambiri anakhoza Fizo, angapo bwino ndithu, chinthu chimene sukuluyo inali isanachionepo. Mwa ana amenewo muli amene lero akukoka mawaya a magetsi m'nyumba za ku boma, muli anamwino, muli ndi mphunzitsi. Makolo anabwera ndi nkhuku ndi mtedza. Esinati anapeza 1 ndi 2 m'maphunziro ena, koma Fizo anapeza 5. Ku udokotala sanamutenge. Tinakonza zoti abwereze chaka chotsatira, ndipo ndinapita kwawo kukanena zimenezo, koma mvula isanagwe a Soko anadwala matenda oumitsa ziwalo. Esinati, pokhala woyamba kubadwa, anapita kwa amalume ake kumalire kukagwira ntchito kuti azithandiza pakhomo. Tikakumana pamsewu ankandipatsa moni waulemu, wamfupi, n'kupitirira.

2022, kumalire

Ndinapuma ntchito chaka cha 2021, bambo anu atatisiya kale. Chaka chotsatira ndinali pa ulendo wa ku Chipata ku ukwati wa mwana wa msuweni wanga. Ndili pa mzere wodindira ziphaso ndinaona mayi wina wovala bwino akuyenda pakati pa malole, mafayilo m'manja, madalaivala akumutsatira. Anali Esinati. Tsopano anali ndi ofesi yakeyake yothandiza amalonda kuolotsa katundu. Anandiona, anaima pang'ono, kenako anabwera n'kundilandira chikwama. Anandikhazika pa benchi ya pakhonde pa ofesi yake n'kutuma munthu kukagula zakumwa. Ndinapezeka ndikumuyankhula kuti inu, popeza sanalinso mwana.

Tinafunsana za kunyumba. Anandiuza kuti bambo ake anamwalira, ndipo anandipepesa za bambo anu. Kenako anayang'ana kumene kunali malole.

"Madamu, pali funso limene ndakhala nalo. Zikanabwereranso, mukanadulanso?"

Ndinaganiza zomuyankha mozungulira, koma ndinaona kuti sakufuna zimenezo. "Ndikanadulanso. Koma palibe chaka chimene chapita osakuganizirani."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndimadziwa kuti mutero. Ndinakwiya nanu nthawi yaitali. Pena ndikapita kuchipatala n'kuona dokotala wamkazi wamsinkhu wanga, zimabweranso. Koma amene anandiikira magetsi muno ndi mnzanga wa m'kalasi mwathu muja, ndipo akamanena za inu sindimutsutsa." Anaseka pang'ono. "Ndikanakhala inu, sindikudziwa chimene ndikanachita. Mpaka lero sindikudziwa."

Basi yathu inali italiza hutala. Ananyamula chikwama changa kundiperekeza, ndipo tili m'njira anati, "Ndili ndi mng'ono wanga, chitsiriza cha mayi, ndikukhala naye ku boma. Ali Fomu 3. Mutu uli bwino kuposa wanga. Ndamva kuti munapuma."

"Ndinapuma. Nthawi ndili nayo tsopano."

"Ndimutumize?"

"Mutumizeni Lolemba akaweruka."

Anandikweza m'basi, n'kundipatsira chikwama pa zenera. Basi itayamba kusuntha anayenda nayo pang'ono, dzanja lili pa zenerapo.

"Koma ameneyu, Madamu, buku lonse."

"Lonse," ndinatero.